Anyamata opanga leza ya m'manja adziwe kaye za kutentha

Akonzi,

Ndine mmisiri wokonza mawailesi, ma TV ndi makompyuta. Ndalemba chifukwa cha anyamata amene masiku ano akusandutsa matochi kukhala leza (laser), kuwala kwamphamvu kolunjika malo amodzi. Amazula dayodi, kachipangizo kotulutsa kuwalako, mu DVD writer yakale kapena mu purojekita yowonongeka, n'kuilowetsa kutsogolo kwa tochi, kumbuyo n'kuikako batire ya 18650 yochokera mu laputopu. Dandaulo lawo limafanana: poyamba imayaka bwino, kenaka n'kuzilala, mapeto ake n'kufa. Luso lawo ndimalilemekeza kwambiri. Koma chimene chikupha zipangizo zawozi ndi kutentha, ndipo njira imene akulimbanirana nako ikuika maso awo pangozi.

Dayodi ya buluu ya 445 nm, imene inafala mu 2010 anthu atayamba kuizula m'mapurojekita a Casio, siisandutsa magetsi onse kukhala kuwala. Mukaidyetsa mawati 8, pafupifupi mawati 2 ndi amene amatuluka ngati kuwala, 6 otsalawo amasanduka kutentha. Wina anganene kuti mawati 6 si kanthu. Aiwala kuti kachidutswa kotulutsa kuwalako n'kakang'ono kuposa njere ya mpunga, ndipo moto wonsewo umayambira pamenepo. Kakatentha, kuwala kumachepa. Mnyamata akaona kuti yazilala amawonjezera magetsi, kutentha n'kuwonjezekanso, mpaka kagalasi ka kumapeto kwa kachidutswako kamasungunuka kamodzin'kamodzi. Ikatero yapita, palibe mmisiri angaidzutse.

Olumikiza dayodi molunjika ku batire ndiye amaipha msanga. Dayodi ikamatentha imakoka magetsi ochuluka payokha, choncho pamafunika driver woti aziyeza magetsi olowa. Koma driver nayenso amatentha. Amene amagwiritsa ntchito driver wa mtundu wa LM317 ndi mabatire awiri adziwe kuti mabatirewo akadzaza amapereka mavolti 8.4, dayodi imatenga osapitirira 5, ndipo otsalawo amapsera mu driver momwemo. Ndaona ambiri atamukulunga ndi tepi n'kumusiya akulendewera m'kati mwa tochi. Ayenera kukhudzana ndi chitsulo, apo ayi afa iye dayodi isanafe.

Zitsulo sizilandira kutentha mofanana. Mkuwa umakutumiza msanga pafupifupi kawiri kuposa aluminiyamu. Brass amafika theka chabe la aluminiyamu. Stainless steel, amene anyamata amamukonda chifukwa chonyezimira, amaperewera ku mkuwa koposa ka 20. Choipitsitsa ndi mpweya: pakatsala kampata pakati pa dayodi ndi chitsulo, kutentha kumaima pomwepo. Pamenepo pamafunika phala lija timapaka pa purosesa ya kompyuta, lopyapyala kwambiri, osati guluu. Ndipo tochi ikamafunda m'manja, musadandaule, ndiye kuti kutentha kwapeza njira yotulukira. Yoopsa ndi ija thupi lake lili zii pamene dayodi ikupsa m'kati.

Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti thupi la tochi yaing'ono silitaya kutentha kochuluka, limangokusunga. Aluminiyamu wolemera magalamu 50 akamalandira mawati 6 amakwera pafupifupi madigiri 8 pa mphindi imodzi. Mphindi zisanu zikamakwana wakwera madigiri osachepera 30. Tsono ganizirani mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene chitsulo chimayamba kale chili pa madigiri 40 musanayatse n'komwe. Zimene mnzathu wa ku Ulaya amachita m'chipinda chozizira sizingachitike chimodzimodzi kuno. N'chifukwa chake leza yotere imayatsidwa masekondi ochepa n'kuizimitsa kuti ipume. Palinso batire: ya lithium siyenera kupitirira madigiri 60, ndipo zambiri zozulidwa m'malaputopu zimakhala zotopa kale, zina chikopa chake chitang'ambika. Batire yotero ikhoza kuyaka moto ili m'dzanja.

Ena amafunsa za Peltier, kachipangizo ka magetsi koziziritsira zinthu. Iye amangosamutsa kutentha kuchoka mbali ina kupita ina, n'kuwonjezeranso kwake. M'tochi mulibe kokutayira. Mankhwala otsika mtengo ndi kuchepetsa magetsi opita ku dayodi.

Pano ndi pamene mtima wanga uli. Leza yoziziritsidwa bwino imakhala ndi mphamvu zake zonse kwa nthawi yaitali, choncho ndi yoopsa kuposa ija yofooka ndi kutentha. N'chifukwa chake ine sindikonzera heatsink, chitsulo chochotsa kutentha, munthu amene alibe magalasi oyenera. Pa muyezo wa IEC 60825-1, leza yopitirira 500 mW (theka la wati imodzi) ili m'gulu 4, lomwe ndi loopsa kuposa onse. Yolozera pa bolodi siyenera kupitirira 5 mW, ndiye ya mawati 2 yaiposa ka 400. Diso limatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti liphethire, ndipo pa mphamvu imeneyi limakhala lachedwa. Sizilira kuti munthu akuwalitseni m'maso mwadala. Kuwala kobwerera kuchokera pa malata, pa windo kapena pa galasi la foni n'kokwanira. Retina, kansalu ka kumbuyo kwa diso, siimva ululu, motero munthu amazindikira pambuyo pake ataona kadontho kakuda pakati pa chilichonse chimene akuyang'ana, ndipo chipsera chimenecho nthawi zambiri sichichoka. Buluu amanamizanso, chifukwa diso limamuona wofooka poyerekeza ndi wobiriwira wa mphamvu yomweyo. Magalasi a dzuwa sathandiza, a owotcherera zitsulo nawonso sanapangidwire ntchitoyi. Oyenera amalembedwa mtundu wa kuwala kumene amatchinga ndi nambala ya OD, yosonyeza mphamvu yake yotchingira.

Makolo achenjerenso ndi timaleza tobiriwira ta 532 nm togulidwa motchipa. M'kati mwake muli dayodi ya infrared ya 808 nm ndi timiyala tosintha kuwalako kukhala kobiriwira. Timiyalato timasokonezeka ndi kuzizira kapena kutentha, kubiriwira n'kuchepa, koma ngati mulibe sefa, infrared yosaoneka ndi maso imapitiriza kutuluka. Mwana amaganiza kuti yafa n'kuisuzumira. Ndipo okhala pafupi ndi Chileka kapena Lumbadzi asayerekeze kuloza ndege: ku Britain lamulo la 2018 limapereka chilango cha zaka mpaka zisanu m'ndende pa mlandu umenewu.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a zamagetsi m'sukulu za ntchito zamanja. Anyamatawa ali ndi njala yophunzira, musawabweze. Apatseni LED ya mawati 10, chidutswa cha aluminiyamu ndi choyezera kutentha, ayeze okha mmene madigiri akukwerera mphindi iliyonse, ayese ndi phala komanso popanda phala, ndi fani komanso popanda fani. Masamu ake ndi omwewo a leza, ndipo LED ikapsa agula ina pa msika.

Mmisiri wa zamagetsi,
Limbe