Musatidulire nyimbo ya amene wavula chigoba

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa mpikisano wa oimba ovala zigoba wa The Masked Singer, umene ambiri amauonera pa wailesi ya kanema ndi pa YouTube. Anthu akamakambirana za pulogalamuyi, nkhani imathera pa funso limodzi: m'chigobamo munali ndani? Ife tikudandaula ndi zimene zimachitika chigobacho chikachoka. Munthu amene wagonja amapatsidwa maikolofoni kuti aimbenso komaliza nkhope ili poyera, koma opanga pulogalamu amaitenga nyimbo yotsanzikirayi ngati makombo. Asanafike n'komwe pakati, mayina a ogwira ntchito ayamba kudutsa pa nkhope yake, kenako malonda a sopo alowa. Chonsecho apa ndi pokhapo pamene khutu ndi diso la woonera zimakumana pa munthu mmodzi.

Kumene mpikisanowu unabadwira sachita choncho. Unayamba ku South Korea mu 2015 pa wailesi ya MBC, ndipo dzina lake m'Chingerezi ndi King of Mask Singer. Kumeneko oimba 8 amayamba awiriawiri, kuimba nyimbo imodzi mopatsana mizere, kenako anthu n'kuvota. Wogonja sauzidwa kuti avule pomwepo ayi. Amaimba nyimbo imene anaikonzera gawo lachiwiri, imene ikanangopita pachabe. Amaiyamba chigoba chili kumutu, ndipo pofika pamene zoimbira zimalira zokha, amavula n'kuonetsa nkhope, n'kupitiriza mpaka kumapeto. Mawu amene munawamva ndime yoyamba ndi omwewo amene akumaliza ndime yachiwiri, mpweya womwewo, kutentha komweko kwa pakhosi. Wina sangayambe zoti mwina ankaimba ndi munthu wina kuseri. Kuvulako ndi mbali ya nyimbo.

Wailesi ya Fox itatengera mpikisanowu ku America mu Januwale 2019, ndi Nick Cannon ngati wotsogolera, inasintha ndondomeko yonse. Woimba amaimba nyimbo yofupikitsidwa kufika pa masekondi pafupifupi 90. Ena onse a tsikulo akatha, kumabwera mavoti, kenako oweruza amatchula komaliza mayina amene akuganizira. Zimene woonera kunyumba saona ndi izi: wogonja uja amapita kaye kuseri kukapukutidwa thukuta, kupesedwa tsitsi ndi kudzozedwa za kumaso, chifukwa munthu wotuluka m'chigoba chotere saoneka bwino pa kamera. Anthu ambiri a m'holo amatulutsidwa asanavule, popeza pulogalamu imajambulidwa kudakali milungu kapena miyezi kuti ionetsedwe, ndipo pakamwa pa khamu sipasunga chinsinsi. Wogonja uja akabwerera ndi pamene pamamveka mfuu ya anthu otsalawo yoti avule, n'kuvula, n'kucheza ndi wotsogolera, n'kuseka ndi oweruza. Nyimbo imabwera pambuyo pa zonsezi, munthu atatopa kale.

Aliyense amene amadziwa za zokuzira mawu akhoza kukuuzani chifukwa chake nyimbo yotsanzikirayi nthawi zambiri imamveka yopereweza kusiyana ndi yoyamba ija. Si kuti woimbayo waiwala luso. Pakhosi pazizira. Munthu amene anakonzekeretsa mawu ake n'kuimba, kenako n'kudikira nthawi yaitali atatuluka thukuta, n'kulankhula mokuwa ndi chisangalalo, sangafike msanga pa mawu apamwamba. Ndiye pofuna kusunga nthawi, okonza amamuyambitsira nyimbo pa kolasi, pomwe pali mawu okwera kwambiri m'nyimbo yonse. N'chimodzimodzi kuuza munthu amene anakhala pansi kuti anyamuke ndi liwiro la pa mzere womaliza.

Vuto lalikulu kuposa limeneli lili m'khutu. Yesani kuimba mutu uli m'ndowa: mawu anu amagunda m'mbali n'kukubwererani onenepa, ndipo mumadzimva kwambiri ngakhale mukuimba motsitsa. M'chigoba zimakhala chomwecho. Woimba amene wakhala masabata akuyeserera ndi kuimba ali m'menemo amazolowera kudzimva motero, ndipo timasipika ta m'khutu timene amamvera zoimbira timakhala titakonzedwa molingana ndi phokoso la m'katimo. Chigoba chikachoka, mawu aja amabalalika m'holo, iye n'kuona ngati sakumveka. Amayamba kukakamiza, ndipo wokakamiza amapitirira kiyi. Mankhwala ake ndi osavuta: wokonza mawu akhale ndi makonzedwe awiri osungidwa pa makina ake, ena a m'chigoba, ena a poyera, ndipo a poyerawo akweze mawu a woimba m'khutu mwake. Koma kuti makonzedwe achiwiriwo apezeke, woimbayo ayenera kuyesererapo kamodzi wopanda chigoba, chipinda chitatsekedwa. Pa pulogalamu imene anthu otchuka amayenda atabisa nkhope ndi manja omwe, atavala malaya olembedwa kuti musandilankhule, mpata wotere supezeka wokha. Uyenera kulembedwa pa ndandanda ya tsiku.

Maikolofoni nayonso ili ndi zake. Imene yakonzedwa kuti igwire mawu otuluka m'chigoba imakhala yochepetsedwa mawu apansi kuti isamveke ngati mgolo. Ikagwiritsidwa ntchito nkhope ili poyera, munthu wa mawu onona amamveka ngati akuimbira pa foni. Pamafunika maikolofoni ina yapamanja, yokhala ndi njira yakeyake pa makina, yosadutsa m'kachipangizo kaja kosokoneza mawu kamene amakagwiritsa ntchito woimba akamayankha mafunso. Ndipo wina aganizireko za manja. Zovala zambiri zili ndi zikhadabo, mapiko kapena magolovesi onenepa. Ngati sanavule kudzanja limodzi, maikolofoni imaterereka kapena kukhala patali ndi pakamwa, ndipo kusiyana kwa zala zitatu zokha kumamveka. Holo nayo yasintha, paja anthu aja atuluka. Matupi ndi zovala za khamu zimameza phokoso, ndipo mipando yopanda anthu imalibweza.

Za kutentha sitikukokomeza. Mu 2020 Mickey Rourke, katswiri wa mafilimu, anangovula yekha chigoba atamaliza nyimbo yake yoyamba, mavoti asanachitike, akudandaula kutentha. Ngati mmenemo ndi mmene zimakhalira pa nyimbo imodzi, ganizirani amene wapirira mpaka sabata yachisanu ndi chitatu.

Ena amafunsa chifukwa chake wogonja amabwereza nyimbo imene waimba kale m'malo moimba yake imene inamutchukitsa. Yankho ndi ndalama ndi nthawi. Nyimbo iliyonse yomveka pa kanema imafuna chilolezo cha eni ake, ndipo chilolezocho chimalipiridwa. Nyimbo ya tsikulo inalipiridwa kale, inadulidwa kale, inaikidwa kale m'kiyi ya woimbayo, ndipo ovina ndi a magetsi akuidziwa. Opanga pulogalamu sadziwiratu amene agonje, choncho kukonzera aliyense nyimbo yachiwiri ndiye kuti akulipira zinthu zimene zambiri sizigwira ntchito tsikulo. Timamvetsa. Koma onani zimene zinachitika mu Febuluwale 2023 pamene chigoba cha kamunthu kandevu ka m'nthano chinavulidwa n'kupezeka kuti ndi Dick Van Dyke, ali ndi zaka 97. Nicole Scherzinger, mmodzi wa oweruza pa nthawiyo, anagwetsa misozi. Mkuluyu anaimbako kachidutswa ka nyimbo ya mu filimu ya Mary Poppins ya 1964, n'kuponyako mwendo. Anthu amene anaonera tsiku limenelo amakumbukira masekondi amenewo kuposa nyimbo ya mpikisano. Ndalama ya chilolezo choterocho siinapite m'madzi.

Mpikisanowu uli ndi chizolowezi chotulutsa msanga akatswiri enieni, chifukwa ovota m'holo amakopeka ndi chovala ndi magule. Patti LaBelle anatuluka mu 2019 atavala ngati duwa. Chaka chotsatira Dionne Warwick, atavala ngati mbewa, ndi Chaka Khan anatuluka mpikisano usanafike patali. Gladys Knight, amene anavala ngati njuchi m'chigawo choyamba cha mpikisanowu, anathera pa nambala 3. Amayi awa aimba zaka zoposa 40 aliyense, ena kuposa 60. Mwawapeza pa siteji yanu, maikolofoni ili m'manja, nkhope zili poyera, ndiye inu n'kumawathamangitsa ndi mayina a okonza magetsi? Kwathu kuno mlendo wamkulu sumuchotsera mbale akadali kudya.

Amene anapambana chigawo choyambacho, T-Pain, ndi chitsanzo cha chifukwa chake nkhope ndi mawu ziyenera kuonekera pamodzi. Kwa zaka zambiri anthu ankamunena kuti sadziwa kuimba, kuti amangodalira Auto-Tune, makina owongola mawu. Anavala chilombo chaubweya cha diso limodzi n'kugonjetsa Donny Osmond ndi Gladys Knight. Koma wokayika amakhutira akaona milomo ya munthuyo ikutulutsa mawuwo. Dzina lotchulidwa ndi wotsogolera silikwanira.

Tisabise, nyimbo yotsanzikira ili ndi mbali ina yovuta. Ndi ulemu, ndipo ulemu ukapita kwa munthu amene anthu agawanika naye maganizo, umasanduka mkangano. Pa 11 Malichi 2020 wovala ngati chimbalangondo anavula n'kupezeka kuti ndi Sarah Palin, amene anali bwanamkubwa wa Alaska, ndipo anabwereza nyimbo ya rap imene anaimba pa mpikisano nkhope ili poyera, usiku womwe dziko la America linali kumva nkhani zoopsa za Covid-19. Zithunzi zimenezo zinayenda kwambiri. Mu Epulo 2022 amene anavala ngati chidole chotuluka m'bokosi anapezeka kuti ndi Rudy Giuliani, meya wakale wa New York, ndipo Ken Jeong, woweruza wina, ananyamuka n'kuchoka pamene Giuliani ankaimba nyimbo yake yotsanzikira. Onani bwino nthawi imene anachokera. Anapirira kuvula, anapirira macheza, koma kuimirira n'kumaombera m'manja anakana. Wandale akabisala m'chigoba amaweruzidwa ndi mawu okha, koma akavula n'kupatsidwa siteji, pulogalamu imakhala ikuuza anthu kuti sekani naye. Ife tikuti opanga pulogalamu aziganizira mphindi imeneyi asanaitane munthu, osati kudzaithetsa poifupikitsa kwa aliyense.

Nthawi ilipo. Ola la pulogalamu pa wailesi za ku America limatsala ndi mphindi pafupifupi 43 malonda akachotsedwa, ndipo gawo lalikulu limathera pa oweruza kutchula mayina amene iwo eni akudziwa kuti sangakhale oona. Kudulako masekondi 60 pa nthabwala zimenezo kukhoza kupereka nyimbo yathunthu ya masekondi 90, yoyambira pa ndime osati pa kolasi, kuti pakhosi patenthe pang'onopang'ono. Mayina a ogwira ntchito akhoza kudutsa pansi m'kamzere kakang'ono kapena kudikira nyimbo ithe. Kuika nyimbo yonse pa intaneti pambuyo pake n'kothandiza, koma si aliyense ali ndi bandulo yoonera mavidiyo, ndipo amene anakhala pa mpando ola lonse ndi amene ayenera kulandira mphotoyo.

Pempho lomweli likupita kwa a wailesi ya ITV ku Britain, kumene mpikisanowu unayamba mu Januwale 2020 ndi Joel Dommett, komanso kwa anansi athu a ku South Africa amene anayamba wawo mu 2023 pa SABC ndi Mpho Popps, umene abale athu okhala ku Joni amauonera. Tikudziwa kuti njira ya ku Korea siingakopedwe mmene ilili. Zigoba za kumeneko n'zopepuka, munthu amavula yekha ndi manja awiri, pamene mitu ya ku America ndi ku Britain ndi ikuluikulu, ina imafuna wothandiza kuti ichoke. Komabe pali njira. Osoka apange mutu wachiwiri wopepuka wa tsiku lovula, womangidwa ndi zomata m'malo mwa zingwe, wopanda mawaya olumikiza ku thupi. Wokonza nyimbo aike pakati pake malo oti zoimbira zilire zokha kwa kugunda 32. Pa nyimbo yogunda ka 100 pa mphindi, amenewo ndi masekondi 19, okwanira kuti woimba apereke msana, wothandiza anyamule mutuwo, wina amupatse maikolofoni yapamanja, wokonza mawu asinthe makonzedwe a m'khutu, iye n'kutembenuka ndime yachiwiri ikuyamba. Mafunso a wotsogolera akhoza kubwera nyimbo itatha.

Ndife anu,
Oimba ndi okonza mawu pa siteji