Kalata kwa Tadala: Mayi amene anatakasa miyala

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi abambo ako kumeneko ku Senga Bay. Kuno ku Lilongwe agogo ako akupezako bwino pang'ono, moti dzulo anamaliza phala lonse.

Tsiku lija tinkakwera minibasi ku Salima unandifunsa kuti madokotala aona bwanji chotupa chimene chili m'chifuwa mwa agogo popanda kuwang'amba, koma ndinalephera kukuyankha chifukwa kondakitala ankatifulumizitsa. Usiku ukayatse tochi n'kuiphimba ndi dzanja lako, ndipo udzaona zala zako zikufiira chifukwa kuwala kwina kukudutsa m'mnofu. Mu 1895, munthu wina wa ku Germany dzina lake Wilhelm Röntgen anatulukira cheza chosaoneka ndi maso, chimene chimadutsa m'mnofu mosavuta koma chimatsekerezedwa ndi mafupa. Atajambula nacho dzanja la mkazi wake, pachithunzipo panaoneka mafupa ndi mphete. Cheza chimenechi ndi chimene timachitcha X-ray, ndipo ndi chomwe anajambulira agogo.

Koma amene ndikufuna kuti umudziwe bwino ndi mayi wina, Marie Curie. Iye anabadwira ku Warsaw, m'dziko la Poland, mu 1867, nthawi imene atsikana a kumeneko sankaloledwa kulowa yunivesite. Anagwira ntchito yophunzitsa ana a banja lina lolemera kuti alipirire mkulu wake sukulu ya udokotala, ndipo iye mwini anapita kukaphunzira ku Paris mu 1891, ali kale ndi zaka 24. Kumeneko anakwatiwa ndi Pierre Curie, ndipo mu 1898 awiriwo analengeza kuti m'miyala ina yakuda muli zinthu ziwiri zimene palibe ankazidziwa, zomwe anazitcha polonium ndi radium.

Kulengeza kunali kosavuta poyerekeza ndi kuchotsa radium m'miyalayo. Ukudziwa mmene mkono wa amayi ako umatopera pophika nsima ya pa ukwati mumphika waukulu. Marie ankawiritsa miyala yoperapera m'miphika ikuluikulu, m'chisakasa chodontha mvula, n'kumatakasa ndi ndodo yachitsulo yotalika pafupifupi ngati iye mwini. Anachita zimenezi kwa zaka pafupifupi zinayi, ndipo mu 1902, atawiritsa matani a miyala, chimene anapeza chinali kachidutswa kosakwana ngakhale galamu imodzi, kochepa kuposa mchere umene umatsina ndi zala ziwiri. Ine ndikanakhala iyeyo ndikanasiya chaka choyamba chomwe, ndipo sindichita manyazi kukuuza zimenezi.

Radium imatulutsa cheza yokha, usana ndi usiku, popanda magetsi. Pierre anaiika dala pamkono pake ndipo panatuluka chilonda ngati cha moto. Madokotala atamva zimenezi anaganiza kuti ngati chezacho chikupha mnofu wabwino, chingathenso kupha chotupa cha khansa munthu atachilunjika bwino, makamaka chifukwa khansa ndi tizigawo ta thupi timene tayamba kuchulukana mosalekeza, ndipo tizigawo totere timafa msanga ndi cheza kuposa tinzake. Apa ndi pamene panakula chithandizo chowotcha khansa, chomwe masiku ano chimaperekedwa kwambiri ndi makina amagetsi. Marie sanafune kugulitsa njira yake yopezera radium, anangoilemba poyera kuti aliyense aigwiritse ntchito.

Analandira mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911, ndipo pakati pa zaka zimenezi mwamuna wake anamwalira atagundidwa ndi ngolo ya mahatchi. Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, anaika makina a X-ray m'magalimoto pafupifupi 20, anaphunzira kuyendetsa yekha, ndipo pamodzi ndi mwana wake Irène ankapita kufupi ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo kuti madokotala aone pamene chipolopolo chabisala asanayambe kung'amba msilikali.

Cheza chomwecho chinamudwalitsa Marie, popeza ankachigwira wopanda chodzitetezera, ndipo anamwalira mu 1934 ndi matenda a magazi. Mpaka lero mabuku amene ankalembamo amasungidwa m'mabokosi okutidwa ndi mtovu chifukwa akadatulutsabe cheza. N'chifukwa chake pojambula agogo ine anandiuza kuti ndidikire panja, ndipo wojambulayo anakaima kuseri kwa khoma.

Madokotala atiuza sabata yamawa chithandizo chimene agogo alandire, ndipo ndidzawaimbira foni abambo ako. Ukawapemphe aphunzitsi ako akusonyeze Poland pa mapu. Uwauzenso amayi ako kuti agogo akulakalaka usipa wofutsa, atitumizire akapeza munthu wobwera kuno.

Ndine azakhali ako,
Nabanda