Kalata yotseguka kwa a Nduna ya za Chilengedwe: pimani dothi mapuloti asanagawidwe

Olemekezeka a Nduna,

Ndikukulemberani kuchokera ku Chipata ndi pempho limodzi: m'bajeti ya unduna wanu muikemo ndalama zopimira ndi kuyeretsa malo amene kale panali mafakitale, madepoti ndi magalaja kuno kum'mawa, malowo asanadulidwe mapuloti.

Ena adzati kum'mawa kulibe migodi ikuluikulu, poizoni ali ku Kabwe ndi ku Copperbelt. N'zoona, Kabwe wavutika koposa tonse. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a ku Kasanda, Makululu ndi Chowa akupezeka ndi mtovu m'magazi chifukwa cha fumbi la pabwalo pomwe amasewera. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yokonzera malo oipitsidwa ku Kabwe, Kitwe, Mufulira ndi Chingola. Sindikuchita nsanje ndi abale athuwo, ndalamazo zinapita poyenera. Koma ngongoleyo tidzabweza tonse, ndi ife a kuno omwe, ndiye tiloleni tinene zathu.

Poizoni wathu anabwera ndi ulimi ndi magalimoto. Chigawo chino chakhala chikulima thonje ndi fodya kwa zaka zambiri, ndipo mankhwala opopera ankasungidwa m'madepoti. Mabungwe a boma atathetsedwa, ena n'kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, mashedi ambiri anasintha eni. Mgolo wa mankhwala ukaiwalika pakona umachita dzimbiri n'kuyamba kudontha, ndipo dothi limamwa zonsezo. Pagalaja yakale pansi pamakhala oilo wakuda ndi zotsala za mabatire, ndipo m'batire ya galimoto muli mtovu womwe uja wa ku Kabwe. Palinso malata akale a asibesitosi amene akasweka fumbi lake limawononga mapapo.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti Chipata akukula mofulumira chikhalireni mzinda mu 2017, ndipo malo pakati pa mapiriwa ndi ochepa. Munthu akapeza puloti amafunsa mtengo ndi mapepala, safunsa chimene chinkasungidwa pamenepo. Amamanga nyumba, amakumba chitsime chosaya, amadzala repu kuseri. Mvula ikagwa, madzi otsika m'mapiri amakokolola dothi kupita nalo mu Lunkhwakwa ndi m'madimba, ndiwo zake n'kukathera pamsika wa Kapata. Mtovu sununkha, ndipo mwana amene waumeza sadwala lero lomwe. Zimadzaonekera mochedwa, akamavutika kugwira za kusukulu, ndipo pamenepo kubweza n'kovuta.

Lamulo la za chilengedwe la 2011 limati woipitsa ndiye alipire. Ndikugwirizana nalo pamene mwini kampani alipo. Nanga pamene bungwelo linatha kalekale, ndipo mwini wake linali boma lomwe? Pamenepo udindo ukubwerera kwa inu, a Nduna. Kholo limene lagula puloti ndi ndalama za penshoni silingalipire labotale.

Tumizani a ZEMA, bungwe la boma loyang'anira chilengedwe, agwirizane ndi khonsolo ya Chipata, ya Katete ndi ya Petauke, alembe malo onse otere, atenge dothi ndi madzi akapime. Zotsatira zake zilengezedwe m'Chinyanja pa Breeze FM ndi Radio Maria, zisagone m'kabati ku Lusaka. Pamene papezeka poipa, dothilo lichotsedwe ndi anthu odziwa ntchitoyo, ovala zodzitetezera. Chonde isasanduke ntchito yopatsa achinyamata mafosholo ndi mawilibala kuti apeze ya ufa, chifukwa tidzakhala tawadwalitsa tokha.

Malo akayera, a mawelding'i, akalipentala ndi amakanika amene akugwirira ntchito m'mbali mwa msewu apatsidwe poyamba. Mashedi awo ndalama za CDF, zija za chitukuko cha m'madera a aphungu, zingathe kumanga, koma zopimira ndi kuchotsa poizoni zichokere ku unduna wanu.

Pakali pano lemberani makhonsolo a chigawo chino kuti pamalo pamene panali depoti, fakitale kapena galaja pasaperekedwe puloti yomangapo nyumba kapena sukulu popanda kalata ya ZEMA yonena kuti dothi lapimidwa.

Ine wanu,
Wokhala ku Kapata, Chipata