Mafuta a pansi panthaka amachotsa atsogoleri

A Mkonzi,

Tsiku lina nditaima pamzere wa mafuta kuyambira mbandakucha, chigubu chili m'manja, ndinamva bambo wina akunena kuti dziko lathu likanakhala ndi zitsime zakezake za mafuta, mavuto onsewa akanatha. Sindinawatsutse chifukwa tonse tinali titatopa, koma mawuwo akhala akundivutitsa, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndikumbutse owerenga zimene zinachitikira dziko la Iran.

Mu 1951 nyumba ya malamulo ya ku Iran inagwirizana zoti mafuta a dzikolo akhale m'manja mwa boma, ndipo Mohammad Mosaddegh, yemwe ankatsogolera maganizowa, anakhala nduna yaikulu. Kufikira nthawiyo mafutawo ankakumbidwa ndi kampani ya Anglo-Iranian, imene lero ndi BP, ndipo gawo loposa theka la kampaniyo linali la boma la Britain. Ku Abadan, kumene kunali fakitale yoyenga mafuta yaikulu kuposa zonse padziko, anthu ambiri a ku Iran ogwira ntchito kumeneko ankagona m'zisakasa zopanda madzi ndi magetsi, pamene mabwana awo achizungu ankakhala m'nyumba zokhala ndi kapinga wothiriridwa. Chaka cha 1950 dziko la Saudi Arabia linali litayamba kugawana phindu pakati ndi pakati ndi kampani ya mafuta ya Aramco ya ku America, koma a Anglo-Iranian anazengereza kuchita chimodzimodzi.

Britain inatsekereza mafuta a Iran kuti asagulidwe, chuma cha dzikolo n'kulowa pansi. Mu Ogasiti 1953 akazitape a CIA ya ku America ndi MI6 ya ku Britain, pofuna kugwetsa Mosaddegh, anagawa ndalama kwa akuluakulu a asilikali, anyuzipepala ndi magulu a zigawenga za m'misewu, ndipo pa 19 mwezi womwewo akasinja anazinga nyumba ya Mosaddegh ku Tehran. Mkulu wa asilikali Fazlollah Zahedi anatenga mpando wake, ndipo mfumu Mohammad Reza Pahlavi, imene inali itathawira ku Rome, inabwerera. Mosaddegh anakhala m'ndende zaka 3, kenaka anamutsekera kumudzi kwake ku Ahmadabad mpaka imfa yake mu 1967. Aku America ankati akuteteza Iran ku chikomyunizimu, koma ine ndimayang'ana pangano la 1954, limene linapatsa makampani awo magawo 40 pa 100 aliwonse a mafutawo. Mfumu ija anthu anaigwetsa mu 1979, ndipo udani wa Iran ndi America sunathebe. Bungwe la CIA linadzavomera poyera mbali yake mu 2013, patatha zaka 60.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo chofufuza mafuta m'Nyanja ya Malawi kwa kampani ya Surestream ya ku Britain, ndipo pofika 2012 mkangano wa malire ndi Tanzania, umene unali utazilala kwa zaka zambiri, unabukanso, anzathuwo akukana pangano la malire la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany limene ife timadalira. Mafutawo anali asanatuluke ngakhale dontho limodzi.

Choncho ndikupempha aphungu athu kuti pangano lililonse lokhudza mafuta a m'nyanjayi lizibwera ku nyumba ya malamulo lisanasainidwe, ndipo limasuliridwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chitonga ndi m'Chinkhonde, kuti msodzi wa usipa ku Nkhata Bay ndi ku Karonga adziwerengere yekha amene adzatenge phindu ndi amene adzalipire madzi akadzaipitsidwa.

Wowerenga wanu,
ku Karonga