Kwa mwana wanga, za nambala zokana kugwirizana

Mwana wanga,

Kuno ku Ngabu tadzuka bwino, kaya iwe kumtundako. Dzuwa la Okutobala lafika poipa, moti ikamakwana 9 koloko nkhuku zimakhala zabisala kale pansi pa nkhokwe, kukamwa kuli yasa. Amayi ako mwendo uja wayamba kuwalola kupita kudimba.

Ndalemba chifukwa cha zimene unandiuza pa foni Lamulungu lija. Netiweki inkadukaduka, koma ndinamva ndithu kuti akulankhulayo ndi munthu amene sanagone. Unati kuntchito kwako masamu ako a material balance, oyerekeza kulemera kwa zolowa m'fakitale ndi kwa zotuluka, akukana, zolowa zikuposa zotuluka, ndipo mkulu wina wakuuza kuti ungokankhako nambala imodzi lipoti lipite. Ndinangoti tikambirana, chifukwa nkhani yotere siyankhidwa uli chiimire pansi pa mlambe kusaka netiweki.

Ine sukulu yako ya ku Ndata ija sindinaione. Yanga inali labu ya fakitale ya shuga, kutunga masampulo ndi kulemba m'kaundula mpaka imvi. Koma tsiku limene unandionetsa buku lako uli chaka choyamba ku MUST, yunivesite ya ku Ndatako, n'kundiuza kuti Lavoisier wa ku France analemba mu 1789 lamulo lakuti kulemera kwa zinthu sikusowa kapena kuswana, ndinaseka chamumtima. Amayi ako amalidziwa osalowa m'kalasi. Akapita ndi thumba la makilogalamu 50 kukakonola, amabwerako ndi mphale ndi gaga. Zikaoneka zochepa sanena kuti chimanga chauluka. Amasuzumira m'makina, amayang'ana pansi, amayang'ananso nkhope ya wachigayo imene yatuwa mbuu ndi fumbi. Akaiviika mphaleyo masiku atatu imalemera kuposa poyamba, ndipo palibe amanena kuti chimanga chaswana. Ndi madzi chabe. Choncho usanakangane ndi aliyense, funsa kaye ngati nambala zonse zili pa muyeso umodzi: kodi chinthucho anachiyeza chonyowa kapena chouma? Mikangano yambiri imene ndinaiona ku labu inathera pamenepa.

Ndikupatse chitsanzo cha kumene ndikudziwa, nambala zake ndazizungulira kuti zisavute. Ulowetse matani 100 a nzimbe m'zigayo, uthirepo matani 30 a madzi otsukira shuga wotsalira m'zofinyazo. Zolowa ndi 130. Ngati bagasi, zotsalira za nzimbe zofinyidwa zimene zimapita ku boyila, ali matani 30, madzi a nzimbe ayenera kukhala matani 100, afune asafune. Bagasiyo nthawi zambiri sitinkamuyeza pa sikelo, ndani anganyamule phiri limene lija? Tinkamupeza ndi masamu, kenako n'kutsimikiza ndi ulusi wa nzimbe. Ulusi susungunuka, suuluka ndi nthunzi. Umene walowa ndi nzimbe pafupifupi wonse umatulukira m'bagasi. Pafakitale iliyonse pamakhala chinthu chouma mutu chotere, cholowa n'kutuluka osasintha. Chipeze chako, uchigwire ngati chingwe cha mbuzi.

Pophika n'chimodzimodzi. Matani 100 a madzi a nzimbe okhala ndi Brix 15, kutanthauza kuti pa magawo 100 aliwonse 15 ndi zosungunuka monga shuga, ali ndi matani 15 a zosungunuka. Ukawaphika mpaka manyuchi afike Brix 60, zosungunukazo zikadali 15, ndiye manyuchi ndi matani 25, ndipo matani 75 achoka ngati nthunzi. Mwana wa Fomu 2 angawerengere. Masamu ake si amene amavuta. Chovuta n'chakuti nambala 15 ija inalembedwa ndi munthu, ndipo munthuyo mwina anali ndi tulo.

Apa ndikuuze nkhani imene ngakhale amayi ako anaimva patapita zaka. Ndili mnyamata, pa shifiti ya usiku, ntchito yomaliza inali kukwera makwerero pa thanki ya manyuchi 6 koloko m'mawa, kuviika ndodo yoyezera n'kulemba pamene afika. Tsiku lina ndinali nditatopa, makwerero akuterera, nsapato zikumatirira pansi kuti nyaa nyaa. Ndinayang'ana m'mwamba, ndinayang'ana m'kaundula, n'kukopera nambala ya dzulo lake. Ndinati thanki ndi yomweyo, ingasinthe bwanji? Chonsecho usiku umenewo miphika inachedwa ndipo thankiyo inali itadzaza kuposa masiku onse. Masamu a tsikulo ataphatikizidwa anaonetsa kuti shuga wasowa, matani angapo. Pofika masana anthu anali atayamba kale kunong'onezana za mlonda wa ku geti ya kumbuyo, bambo wachikulire wa ana asanu ndi mmodzi. Ndinamuona atakhala pa benchi panja pa ofesi, chipewa chili pa bondo, akudikira kuitanidwa. Ine phee, nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Chinamupulumutsa si kulimba mtima kwanga, ndisakunamize. Mawa lake mnzanga anayeza bwino thankiyo, ndipo masamu anaonetsa shuga wochuluka kuposa nzimbe zimene zinalowa. Mkulu wa labu anaika mapepala awiriwo pamodzi: zosowa za Lachiwiri ndi zoonjezera za Lachitatu zinali pafupifupi zofanana. Anandiitana, sanakalipe, anangofunsa kuti, "Makwerero aja ali ndi masitepe angati?" Ndinaulula pomwepo. Ndinalandira kalata ya chenjezo, ndipo inandiyenera. Mlonda uja anabwerera pa geti yake, koma mpaka anapuma ntchito ndinkachita manyazi kumupatsa moni.

Taganiza tsono, mkulu uja akanakhala wokonda kukankha nambala. Lachiwiri akanabisa zosowa, Lachitatu akanabisa zoonjezera, ulesi wanga ukanakhazikika. Kapena akanasiya zosowazo pa mutu wa mlonda.

Ndiye dzuka pa kompyutapo. Tenga pepala ujambule bokosi kuzungulira gawo limene ukuwerengera, monga munthu amadulira malire a dimba, ndipo paipi iliyonse yodutsa malirewo uyende nayo ndi miyendo mpaka uone kumene yathera. Udzapeza ina imene sili pa chojambula, inaikidwa kale ndi makaniki amene anapuma ntchito. Suzumira m'ngalande. Pampu yodontha pang'onopang'ono usiku ndi usana imataya zambiri kuposa wakuba. Funsa kuti mita iliyonse ndi sikelo anaziyesa liti komaliza. Onanso ngati nambala zonse zili za maola omwewo, osati zolowa za kuyambira 6 koloko ndi zotuluka za kuyambira 8. Ndipo matanki uwakwere wekha.

Usaiwalenso kuti kulemera konse sikusowa, koma chinthu chimodzi chikhoza kusandulika china. Nzimbe zikatenthedwa n'kudulidwa, zikagona m'munda masiku angapo ndi kutentha kwa kuno ku chigwa, shuga amene tikufuna amasweka n'kukhala mitundu ina imene siuma kukhala mchenga woyera uja, ndipo tizilombo tosaoneka timadyako. Sikelo sikuuza zimenezi. Shugayo wathera ku molasesi, manyuchi akuda otsalira pomaliza aja, popanda womuba. Kwanuko sindidziwa chimasandulika n'chiyani, koma iwe unaphunzira, ufufuze.

Akuluakulu oyendetsa makina aja usawapitirire. Digiri alibe, koma amamva pampu ikadwala ndi khutu lokha. Uwapatse moni wa ulemu, ukhale nawo pa tiyi, ufunse ngati mwana. Safunsa anadya phula. Ena a iwo akudziwa kale kumene katundu wako akupita, kungoti palibe anawafunsa.

Ukachita zonsezi n'kutsalabe kusiyana, ukulembe momwe kulili. Ifenso m'malipoti athu munali mzere wa zotayika zosadziwika, ndipo sunkakhala wopanda kanthu, chifukwa palibe sikelo yosaphonya. Chimene tinkayang'ana n'chakuti mzerewo ukukula kapena ayi. Ine lipoti logwirizana ndendende tsiku ndi tsiku ndi limene linkandichititsa mantha.

Mkulu wakoyo usamuchititse manyazi pa gulu, ndiwe wachilendo ndipo iyenso ali ndi omufinya kumwamba. Mutsatire mu ofesi muli awiri, umuuze mofatsa kuti, "Bwana, ndipatseni masiku awiri ndiyende ndi mapaipi, ndikalephera tilemba kusiyanaku poyera." Akaumirira, nambalayo asinthe ndi dzanja lake, asainenso yekha. Iwe sunga kabuku kako ka nambala zenizeni, tsiku ndi ola. Ntchito n'zosowa, ndikudziwa, ndipo tinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ufike pamenepo. Koma sitinagulitsire kuti dzina lako likhale pansi pa nambala yopeka.

Amayi ako akuti mapira ako a thobwa akusungira, usachedwe mpaka anankafumbwe akuyambirire. Ukamatsika pa Khirisimasi unyamuke m'mawa, udutse pa Thabwa dzuwa lisanakwere. Undigulireko ku Limbe sikelo yopachika ija yofika makilogalamu 100. Thonje la chaka chamawa ndikufuna ndiziliyeza ndekha pakhomo ndisanapite nalo kumsika.

Ndine bambo ako.