Za achule ako, bondo la Tiyamike ndi makina a achimwene

Mulanje, Disembala

Wokondedwa Nanyoni,

Kalata yako yafika, ndipo ndaiwerenga ndili chiimire pakhonde, choko chidakali m'manja. Ndiye ndi zoonadi? Unachoka kuno ndi satifiketi ya zamulabu, tonse tikuti mnzathu wapita ku Cape Town kukapima magazi a anthu, lero ukuti ntchito yako ndi kudyetsa achule ndi kuwasinthira madzi! ANabanda nditawauza anagwira pakamwa, kenako anafunsa ngati malipiro ako amachokera kwa achulewo. Iwe amene unkathawa finye panjira ya kumadzi mpaka kuswa mtsuko wa mayi ako.

Komatu walemba ngati ukuchita manyazi, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Achule ako aja, amene kumeneko mumawati platanna, m'mabuku Xenopus laevis, ali ndi mbiri yoposa ya anthu ambiri. Ku Cape Town komweko, cha m'ma 1930, Lancelot Hogben ndi akatswiri ena anapeza kuti chule wamkazi wa mtunduwu ukam'baya ndi mkodzo wa mayi woyembekezera, amaikira mazira usiku womwewo. Mkodzo ukakhala wa mayi wosayembekezera, chule amangoti phee. Mpaka m'ma 1960 zipatala za ku Ulaya ndi ku America zinkayeza mimba m'njira imeneyi, achule miyandamiyanda akutumizidwa kuchokera ku South Africa. Ndi chule yemweyo amene John Gurdon anagwiritsa ntchito ku Oxford mu 1962 posonyeza kuti selo ya m'matumbo a mbululu imasunga malangizo onse opangira chule wathunthu, ntchito imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2012. Ukamatsuka matanki uzidziwa amene ukuwatumikira.

Malonda a achulewo anasiyanso maliro m'mbuyo. Pali fangasi wotchedwa chytrid amene amamera pakhungu la chule. Poti chule amamwera madzi ndi kupumira pakhungu, khungulo likawonongeka mchere wa m'magazi umasokonekera, mtima n'kuima. Fangasiyu anam'patsa dzina mu 1999 atasesa kale achule ku Central America ndi ku Australia. Mu 2004 akatswiri anam'peza pa platanna wina amene anasungidwa m'botolo kuyambira 1938, ndipo ambiri anayamba kuloza chala Africa. Kafukufuku wamkulu wa DNA ya fangasiyu wa mu 2018 anadzaonetsa kuti gwero lake ndi kum'mawa kwa Asia, cha ku Korea, ngakhale kuti kunyamula achule kupita nawo uku ndi uku ndiko kunam'falitsa. Chiwerengero chimene chinatuluka mu 2019 sichindichoka m'mutu: mitundu 501 ya achule ndi abale awo inachepa ndi matendawa, ndipo 90 mwa iyo akuti iyenera kuti inatheratu.

Ana anga a Fomu 3 ndimawauza za kachule ka ku Kihansi, kwa anansi athu ku Tanzania. Kachikasu, kosakwana masentimita atatu, kobereka ana amoyo osadutsa pa mbululu, ndipo dziko lake lonse linali mahekitala awiri pomwe mathithi amawaza madzi. Damu la magetsi litayamba kugwira ntchito cha mu 2000, madzi owazawo anachepa kwambiri. Anaika mipope yowaza, zinthu zinakhala ngati zikuyenda, mu 2003 achule n'kuyamba kufa ambirimbiri, fangasi uja ali pomwepo. Pofika 2009 analengeza kuti kutchire kulibenso. Chinapulumutsa mtunduwo ndi achule pafupifupi 500 amene anawatengera ku America n'kukawaweta kumalo osungira nyama a ku Bronx ndi ku Toledo, ndipo zidzukulu zawo anayamba kuzibwezera ku Kihansi mu 2012. Amene anawasunga amoyo zaka zonsezo ndi anthu osintha madzi m'mawa uliwonse, ngati iwe. Ndiye manyazi akowo uwataye.

Nafe paphiri pano tili naye wathu, Nothophryne broadleyi, wokhala pamiyala yonyowa kumtunda, amene mbululu zake zimakulira m'timadzi tochucha pathanthwe. Moto ukunyambita phiri chaka ndi chaka, mikungudza yatha, ndipo namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasenda mbali zina n'kusiya mwala wokhawokha. Alendo okwera ku Sapitwa amabwera ndi nsapato zoponda matope a mayiko ena, palibe wowafunsa. Ukadzabwera pa Isitala, nsapato zako za kuntchito zitsale konko, zinazo utsuke ndi jiki usanakwere basi. Apa sindikuseka. Ife madzulo mvula ikagwa timapita kudambo la kuseri kwa sukulu, ana kujambula kulira kwa achule pafoni, ine kulemba tsiku ndi malo m'kope. Ahedi amati ndikuwononga nthawi ya sitade, koma mwana amene wasiyanitsa yekha mawu a achule awiri mumdima sadzaiwala.

Za kuno, mayi a Gama tinawaika mwezi watha, sanadwale nthawi yaitali. Mphatso akukwatiwa. Denga la kukhitchini likudontha pomwe pali mbaula penipeni, ndipo mmisiri anatenga ndalama ya malata awiri n'kusowa.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi Tiyamike, mwana wa achimwene. Zikomo kwambiri chifukwa cha ndalama ija, inakwaniritsa za opaleshoni. Sindinakufotokozere bwino momwe zinachitikira. Ndinalipo pabwalo la netibolo. Analumpha kuwakha mpira pakati, anatera ndi mwendo umodzi, bondo linapindikira m'kati, iye n'kugwa popanda wom'khudza. Akuti anamva kuti thu m'bondomo. Pofika madzulo linali litatupa moti siketi yokha ndi imene ikanatheka kuvala. ANabanda anabwera ndi madzi otentha kuti am'thowe, agogo ake akuti atemedwe mphini, ena akuti wangobinya. Dokotala atagwira ntchafu n'kukoka msongolo kutsogolo, unangobwera osakana. Mtsempha wa pakati pa bondo, uja amati ACL, unali utaduka. Mu Ogasiti anachotsa mtsempha wina kuseri kwa ntchafu n'kuusokerera m'malo mwake.

Pano akuyenda bwinobwino, ndodo anasiya, ululu kulibe. Apa ndiye pagona vuto. Kochi wawo wabwera kale kunyumba kudzanena kuti mu Febuluwale kuli mpikisano ndipo timu ilibe senta wina. Akuti mwana wachira, akum'wona akuthamangira minibasi. Achimwene akungogwedeza mutu, Tiyamike maso ali gwa pa kochi.

Nanyoni, ine ndawerenga. Mtsempha wosokererawo umayamba wafooka m'miyezi yoyamba usanalimbe, pamene mwini wake akumva ngati zonse zili bwino. Kafukufuku wa ku Oslo ndi ku Delaware wa mu 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene wosewera wadikira, mpaka kufika miyezi 9, ngozi yovulalanso imatsika ndi theka. Anapezanso kuti mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu uyenera kubwerera mphamvu zake, ndipo muyeso umene amagwiritsa ntchito ndi woti ufike pa 90 peresenti ya mwendo wabwinowo. Febuluwale ndi mwezi wachisanu ndi chimodzi chabe. Ntchafu ya Tiyamike ndaiyeza ndi tepi ya telala, yovulalayo ndi yowonda moonekeratu, ndipo akaima ndi mwendo umenewo n'kunjuta pang'ono, bondo limanjenjemera n'kuthawira m'kati momwe linachitira tsiku lija. Atsikana amaduka mtsempha umenewu kangapo kuposa anyamata pa masewero ofanana, ndipo wachinyamata amene waduka kamodzi ndiye ali pangozi yaikulu yodukanso, mwendo womwewo kapena winawo.

Ndinam'kumbutsa za Mwawi Kumwenda. Anaduka ACL mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ya ku Australia, ndipo mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ku Liverpool mu 2019 unam'dutsa, Amalawi tonse tikum'funa. Mu 2020 ndi amene anasankhidwa wosewera bwino pa ndime yomaliza pamene Vixens inatenga chikho. Ndinati mwanangu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti Mwawi anali ndi madokotala ake, jimu yake ndi malipiro ake, pamene iye akapanda kusewera chaka chino malo ake atenga wina, ndipo oona osewera sadzabweranso kudzam'funa kumudzi. Ndinasowa chonena, chifukwa sananame.

Chimandiwawa n'choti njira zopewera zilipo ndipo sizilira ndalama. Ku Norway mu 2008 anayesa atsikana a mpira wamiyendo pafupifupi 1,900 ndi masewero otenthetsa thupi a mphindi 20, aja a FIFA 11+, ophunzitsa kutera ndi miyendo iwiri bondo lili lopinda, kuima ndi mwendo umodzi, kulimbitsa ntchafu. Kuvulala kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sizifuna chipangizo, bwalo lafumbi ndi lokwanira. Zaka zonsezi zapita, koma atsikana athu akadazungulirabe bwalo kawiri, kuwomba m'manja n'kuyamba mpira. Kochi uja si munthu woipa, amaphunzitsa mongodzipereka, nthawi zina mpira amagula ndi ndalama yake. Kungoti zolembedwazo sizinam'fike. Ndam'lembera zonse papepala m'Chichewa, ndi zithunzi zojambula pamanja. Walilandira mwaulemu n'kulipinda kanayi.

Usiku ndimagona n'kumaona Febuluwale. Ndimaona akulumpha, ndimamva thu ija. Opaleshoni yachiwiri ndalama yake tidzaitenga kuti? Ndipo bondo lodulidwa kawiri limadzakalamba msanga, mwana wa zaka 19 adzafike pa 35 akukanika kugwada pamtondo. Ndafika pobisa nsapato zake zamasewero m'kabati ya kusukulu. Akudziwa kuti ndine, ndipo sakundilankhula bwino.

Mafizo akufunika apitirire, ku Blantyre, ndipo thiransipoti yokha ikutipweteka. Ndinapita kwa achimwene kuti tigawane, iwo akuti sakudziwa ngati golosale ikupanga phindu. Munthu wa kompyuta pakauntala! Ukukumbukira momwe ankanyadira pamene mnyamata wa m'tauni uja anawaikira pulogalamu yowerengera katundu? Pulogalamuyo imadziwa paketi ya shuga yathunthu basi. Achimwene amatsegula paketi n'kugulitsa pang'onopang'ono, mafuta amathira m'timachubu, sopo amadula pakati. Theka la makasitomala amatenga pangongole kudikira malipiro a kuesiteti ya tiyi, ndipo pulogalamu ilibe polemba ngongole. Olipira pafoni ndalama zawo zimalowa kwina. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo sinakhazikike, koma kusintha mtengo m'makinamo mpaka aitane mnyamata uja, ndipo kubwera kwake n'kolipira. Magetsi akazima amabwerera ku kope. Ndiye pali kope, pali foni, pali kompyuta, chilichonse chikunena zake. Loweruka ndinakhala nawo kuwerenga makatoni. Makina akuti sopo alipo wambiri, pashelefu mbee.

Ndinawauza kuti vuto si iwo. Wopanga pulogalamuyo sanakhalepo tsiku lathunthu kuseri kwa kauntala ya kumudzi. Taona a bungwe la Baobab Health aja, amene anayamba cha mu 2001 pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Anaona kaye momwe anamwino ndi makalaliki amagwirira ntchito, n'kupanga makina ongodina pagalasi ndi chala, osalira kudziwa kutaipa, odya magetsi ochepa, otulutsa kapepala komata m'buku la kuchipatala la wodwala. Pulogalamu ya DHIS2 imene zipatala zathu zimatumizira ziwerengero mwezi ndi mwezi mizu yake ili kwanuko, ku Western Cape m'ma 1990, komwe anthu a yunivesite ya kumeneko ndi ya Oslo anayamba ndi kufunsa ogwira ntchito m'makiliniki kuti ndi manambala ati amene amawathandizadi. Lero ili m'mayiko oposa 70. Nanga wa golosale adzam'funsa ndani? Ndawalembera mizere m'kope latsopano, zolowa, zotuluka, ngongole, za pafoni, kuti tione mwezi umodzi wokha. Alamu akuti ndikufuna kulowerera chuma cha banja lawo. Ine ndikungofuna ndalama ya minibasi ya mwana wawo yemwe.

Ndiye ndikupemphe. Kuyunivesite kwanuko kuyenera kuti kuli anthu a mafizo a zamasewero. Undifunsireko mmodzi ngati pali njira yoyezera mphamvu ya ntchafu popanda makina, yoti ine ndi tepi ndi choko tingathe, monga kulumpha ndi mwendo umodzi n'kuyeza mtunda. Ngati angalembe mawu awiri atatu papepala lokhala ndi chidindo, kochi angamve, chifukwa za ine amati ndi za aphunzitsi a achule. Utumize pa WhatsApp ya achimwene, foni yanga galasi linasweka. Usanene kwa Tiyamike kuti ndakuuza za nsapato, amakulemekeza kwambiri ndipo angachite manyazi.

Pepala ndi lomaliza ili, ndipo mawa ndili ndi mayeso oti ndichonge. Ndimafuna ndikuuzenso za chinkhoswe cha Mphatso, chifukwa zimene ananena amalume ake a mwamunayo pamaso pa anthu, aNabanda mpaka anaimirira, ndiye pamene ankati akhale pansi

Ndine mnzako,
Nasibeko