Aphunzitsi a Chingerezi ku Tete, ana adziwenso kunena kuti akuopa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za Chingerezi chimene ana athu akuphunzira kuno ku Tete. Mozambique inalowa mu Commonwealth, bungwe la mayiko amene ambiri mwa iwo amalankhula Chingerezi, mu 1995 ndipo chigawo chathu chachita malire ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiye Chingerezi sitingachithawe olo zinthu zambiri ku sukulu zimayenda mu Chipwitikizi. Koma mwana amamaliza sekondale akungodziwa good morning ndi I am fine basi, zoti mtima uli m'mwamba sangazinene, amangoti fine pomwe thupi lachita kale tsembwe.

Ife timasiyanitsa nkhawa, nthumanzi, mantha ndi kunyansidwa, Chingerezi nachonso chimatero. Worried ndi nkhawa, uneasy ndi pajapa mtima sukukhazikika koma chifukwa chake sukuchiona, afraid ndi scared ndi mantha enieni, terrified ndiye munthu wauma miyendo. Palinso dread, kuopa chinthu chisanafike, zija amamva anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Revubue mvula ikamachuluka chichitikireni cha namondwe Ana amene anagwetsa mlatho mu Januwale 2022.

Koma pamene pavuta zedi ndi Chipwitikizi chathuchi, chimatinamiza ndithu. Kuno munthu akati nervoso nthawi zambiri ndiye kuti wapsa mtima, pomwe nervous ndi nthumanzi chabe, ngati ya mayeso. Mwana akufuna kunena preocupado amathamangira preoccupied, amene amatanthauza kuti maganizo ako atanganidwa ndi zina, wakumvayo sangadziwe kuti uli ndi nkhawa. Choipitsitsa ndi desgosto, chisoni chachikulu chija, wina nkupita pamaliro a mnzake wa ku Zimbabwe nkunena kuti I am disgusted, eee mayo, wauza anamfedwa kuti zamunyansa! Ndipo terrific, olo akumveka ngati terrible, amatanthauza zabwino kwambiri, musandifunse kuti azungu anaganiza chani.

Ena anena kuti izi nzazing'ono. Ayi. Anyamata athu akugwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize komwe mabwana ena ndi akunja, ena ali ku Joni, ena amayendetsa mathiraki kudutsa malire pa Zobue ndi Cuchamano. Munthu akaona makina sakuyenda bwino akuyenera kunena msanga kuti this is not safe, I am worried, osati kumangomwetulira chifukwa mawu amusowa. Ndipo akakafunsira ntchito nkuuzidwa kuti I am afraid there is no vacancy adziwe kuti bwanayo sakuopa kanthu, akungomukana mwaulemu, asamangoima pakhomo kudikira.

Ndiye aphunzitsi, chonde, mukamaliza za moni ndi masiku a sabata patulani ka nthawi ka mawu amenewa, muziwayika pambali pa a Chipwitikizi ndi a Chichewa pabolodi ana aone pamene akusiyana. Mawayilesi a m'madera athu nawonso atha kuthandiza, pulogalamu yaifupi madzulo ingakwane.

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Angonia